Kuthawa chisanu cha ku Dedza: Kasungu, Salima, Mangochi kapena Nchalo?

Bambo ena a ku Dedza, mphunzitsi amene akupuma pantchito kumapeto kwa chaka chino, anditumizira imelo yaitali ndithu. Mwachidule nkhani yawo ndi iyi: amakhala cha ku Bembeke, maondo amawaphwanya ikangofika Juni, mayi akunyumba ali ndi mphumu ndipo amatsokomola mpaka Ogasiti. Akufuna kuti ndalama zopumira pantchito zikatuluka akamange nyumba kumalo kofunda. Mwana wawo wamkulu ali pantchito ku Lilongwe. Funso lawo ndi lakuti: "Inu muli ku Kasungu, ndipo timamva kuti kumeneko n'kotentha. Tibwere kumeneko, kapena tipite ku Salima, ku Mangochi, kaya ku Nchalo kumene anzanga akuti juzi saidziwa?"

Aphunzitsi, zikomo pondilembera. Ndiyamba ndi kwathu kuno, ngakhale ogulitsa mapoloti sakondwera ndi zimene ndinene.

Kasungu n'kotentha masana. Amene anakuuzaniwo sananame, koma ndikukhulupirira kuti anangodutsa pa M1 dzuwa lili paliwombo. Akanagona kuno mu Julayi akanakuuzani zina. Tili pamalo okwera mamita opitirira 1,000 kuyezera pa nyanja yaikulu yamchere, kumwamba kumakhala kopanda mitambo nyengo yozizira, ndiye kutentha konse kumene nthaka yasunga masana kumathawa dzuwa likangolowa. M'bandakucha mukapita pa depoti mupeza anyamata a kabaza atavala majekete awiriawiri, zipewa zofika m'makutu, akuwotha moto wa makatoni. Kusiyana kwathu ndi kwanu n'kwakuti kuno dzuwa likakwera pang'ono juzi timavula, ndipo chifunga chija chimene chimakuta phiri la Dedza mpaka masana sitichidziwa. Maondo anu angapumeko pang'ono. Koma chifuwa cha mayi ndiye chikundidetsa nkhawa, chifukwa kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba kuno n'kwa fumbi, kuphatikizapo utsi wa tchire limene anyamata amatentha posaka mbewa. Munthu wa mphumu akhoza kuthawa chisanu n'kudzagwa m'fumbi. Za ku Mchinji musaganizeko n'komwe, usiku wa kumeneko sutalikirana kwenikweni ndi wa kwanu.

Zimene ndikunenazi mwina munaphunzitsapo ana m'kalasi. M'Malawi muno kufunda kapena kuzizira kwa malo sikudalira kuti ndi kumpoto kapena kumwera, kumadalira kukwera kwa malowo. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo palibe tauni ina m'dziko muno yokwera kuposa pamenepo. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Mukatsika mamita 1,000, kutentha kumawonjezereka ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye mukachoka ku Dedza kubwera ku Kasungu kapena ku Lilongwe mwangopindula madigiri atatu kapena anayi, pamene mukatsikira kunyanja mwapindula pafupifupi asanu ndi awiri. N'chifukwa chake ku Karonga, kumpoto kwenikweni, anthu amagona osafunda pamene ku Mzuzu mano akugundana.

Choncho ngati n'kufunda kwenikweni mukufuna, muyenera kutsika. Vuto lili apa: anthu othawa chisanu amasankha malo ali mu Juni, thupi likulira dzuwa. Amapita ku Senga Bay kukacheza, n'kuona kuti madzulo akukhala panja ndi malaya okha, basi mtima wagwa pomwepo. Juni wa kunyanja ndi wokoma kwa aliyense. Malo otentha amayesedwa mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, komanso mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ngati simunagoneko miyezi imeneyi, malowo simukuwadziwa.

Nchalo ndiichotseretu. Chigwa cha Shire chili pansi penipeni, malo ena osafika mamita 100, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, onsewa anasautsa Chikwawa ndi Nsanje. Anzanu amene ali kumeneko mwina ndi kwawo, kapena anapita ali anyamata pantchito ya nzimbe thupi n'kuzolowera. Munthu amene wakhala zaka zonse ku Bembeke sayambira kumeneko atakalamba.

Mangochi ndi tauni yabwino, ya malonda, nsomba zosasowa, mabanki alipo, chipatala cha boma chilipo. Chichewa chimamveka paliponse ngakhale m'midzi ndi Chiyao. Chondiletsa kukulozerani kumeneko ndi mtunda basi. Mwana wanu ali ku Lilongwe, ndipo matenda akakula a ku Mangochi amatumizidwa ku Zomba kapena ku Blantyre. Wodwala kumwera, womudwazika ali pakati, transipoti yokhayokha idzakudyerani penshoni. Nkhotakota simunaitchule, koma poti ena owerenga afunsa: n'kofunda, mpunga ndi chinangwa n'zambiri, kuchokera kuno timadzera msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya nyama, koma mvula ya kumeneko ndi yochuluka ndipo madzi anawononga kwambiri cha ku Dwangwa mu 2024.

Pa malo amene mwatchula, ine ndingasankhe Salima. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kutanthauza kuti mwana wanu akhoza kuweruka Lachisanu n'kudzadya nanu mgonero, ndipo mukafunika ku Kamuzu Central mumafika tsiku lomwelo n'kubwerera. Kwanunso sikutali: mutsata M5 kudzera ku Chipoka ndi Mtakataka mpaka Golomoti, n'kukwera chitunda cha Khwekhwerere, mwafika. Maliro akagwa kumudzi simudzamva kuti aika kale. Chilankhulo n'chomwechi, tchalitchi chilichonse chimene mumapemphera mudzachipeza.

Koma Salima ili pawiri. Pali tauni, pamene pali msika, chipatala ndi maofesi a boma, ndiye pali kunyanja, ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa tauni. M'tauni mulibe kamphepo ka kunyanja, ndipo mu Novembala mumakhala chitungu choti usiku anthu amatulutsa mphasa pakhonde. Kunyanja kumapitako mphepo, koma malo ndi okwera mtengo chifukwa mukupikisana ndi eni malo ogona alendo ndi mabwana a ku Lilongwe. Komanso kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera imene imaletsa asodzi kulowa panyanja. Siizizira ngati ya ku Bembeke, bulangete limodzi limakwana, koma imanyamula mchenga, ndipo mayi ayenera kuiyesa okha pachifuwa pawo.

Tsono pali malo ena amene simunawaganizire, mwina chifukwa ali pafupi kwambiri. Boma lanu lomwelo la Dedza limafika mpaka kunyanja. Golomoti, Mua ndi Mtakataka, dera la Inkosi Kachindamoto, n'kotentha ngati Salima yemweyo. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere amadziwa kuti juzi imavulidwa minibasi isanafike pansi. Ku Mua kuli mishoni ya Akatolika imene inayamba mu 1902, ndi chipatala chake. Si tauni, ndivomere, ndipo mabanki muziwatsata ku Salima kapena pa boma la Dedza. Koma ngati chimene mukufuna ndi dzuwa pamaondo osati magetsi a mumsewu, kumeneko mungapeze malo motchipirapo, pakati pa anthu amene mwina ena munawaphunzitsa, ndipo munda wa ku Bembeke mungamauyenderebe.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope a malo otentha ndi udzudzu. Ku Bembeke malungo aliko koma ndi ochepa, ndipo thupi la munthu wokulira kumapiri silikhala lozolowera ngati la munthu wobadwira kunyanja, amene wadwala malungo kambirimbiri kuyambira ali mwana. Mlendo wachikulire akawatenga amamugwetsa kwambiri. Neti ikhale ya usiku uliwonse chaka chonse, osati ya dzinja lokha, mawindo akhale ndi sefa, ndipo thupi likangotentha thamangirani kukayezetsa tsiku lomwelo m'malo momwa panado n'kumadikira. Adzukulu akabwera pa holide adzafuna kusamba m'nyanja, ndipo m'malo a bango ndi madzi odekha ndi mmene muli nkhono za likodzo. Mankhwala ake alipo ndipo ndi osavuta, bola kudziwa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavutanso kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndiye posankha poloti funsani kaye za madzi akumwa: kodi mapaipi a Water Board afika, kapena n'kudalira mjigo, ndipo mjigowo suuma mu Okutobala?

Simunanene ngati inu kapena mayi mumamwa mankhwala a BP, koma pa msinkhu wathu uno ambiri timamwa. Ena mwa mankhwalawo amakodzetsa, ndipo kumalo kotuluka thukuta tsiku lonse munthu amatha madzi m'thupi osazindikira, n'kumangomva chizungulire. Kauzeni adokotala amene amakuonani kuti mukufuna kusamukira kotentha, amve. Za maondonso ndisakunamizeni. Ambiri a nyamakazi amati kukafunda ululu umachepa, ndipo ndimawakhulupirira, koma dzuwa silibwezeretsa mafupa amene anaperepeseka. Mudzapitako ndi maondo omwewo, kungoti m'mawa azidzuka msanga.

Nyumba ndiye pamene anthu ochokera kozizira amalakwitsa kwambiri, chifukwa amamanga nyumba ya ku Dedza ku Salima: denga lotsika, mawindo ang'onoang'ono, malata opanda siling'i. Nyumba yotere mu Okutobala simungakhalemo masana, ndipo makoma amasunga kutentha mpaka pakati pa usiku. Kumalo kotentha denga likwere, siling'i ikhalepo ngakhale ndalama zitavuta bwanji, mawindo ayang'anizane kuti mphepo izidutsa, khonde likhale lalikulu, ndipo chipinda chogona chisakhale kumadzulo kumene dzuwa limagogoda khoma mpaka kulowa. Poloti imene pali mtengo wa mango waukulu kale ndi yofunika kuiwonjezera ndalama. Fani musaidalire kwambiri, nonse mukudziwa mmene magetsi athu amachitira.

Pansi pake pafunikanso maso. Madera ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi dothi la makande, lakuda, limene limafufuma kukagwa mvula n'kung'ambika m'chilimwe. Limang'amba makoma ngati maziko sanakumbidwe mozama, ndipo mmisiri wochokera kumtunda amene sanamangepo pa dothi lotere adzakuonongerani simenti. Salima inagwedezekanso ndi chivomezi chachikulu mu Malichi 1989, ndiye lintala yozungulira nyumba yonse si yokongoletsa chabe. Poloti mukaione mu Febuluwale, mutavala majombo. Malo amene mu Seputembala amaoneka ouma bwino, mwina ndi dambo. Mitsinje ngati Linthipe imatenga madzi a mvula ya kwanu komwe n'kukawathira kumeneko, ndipo ikadzaza simafunsa kuti poloti ndi ya yani. Nyanjanso inakwera kwambiri mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo amene anamangidwa pafupi ndi gombe. Funsani agogo a m'mudzimo kuti madzi anafikapo pati, osati amene akukugulitsani malo.

Pogula malo a m'mudzi, kapepala kosainirana ndi munthu mmodzi sikokwanira. Amfumu adziwe, abale a wogulitsayo akhalepo makamaka a kuchikazi, malire ayendedwe anthu akuona, ndipo mukafike ku ofesi ya za malo ku khonsolo musanapereke ndalama yonse. Opuma pantchito amadziwika kuti ali ndi ndalama m'thumba, ndipo poloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu atatu.

Chinanso chimene sindikufuna muchipeputse ndi m'mimba. Kwanu mumadya kachewere, kabichi, nyemba ndi mapichesi zochokera kuseri kwa nyumba. Kunyanja kachewere salola, ndipo masamba amafuna kuthirira kawiri patsiku nyengo yotentha. Mudzapeza usipa, utaka, mpunga, mango ndi chinangwa, zabwino ndithu, koma zambiri mudzazigula pamsika mpaka mutaphunzira ulimi wa kumeneko. Penshoni ya mphunzitsi tonse tikuidziwa kutalika kwake.

Ndikanakhala inu, ndalama zikatuluka sindikanagula njerwa ngakhale imodzi chaka choyamba. Ndikanaziika ku banki, n'kupeza nyumba ya lendi ku Salima kapena ku Mtakataka kuyambira Seputembala mpaka Malichi, kuti inu ndi mayi mulawe kutentha ndi dzinja lomwe. Nyumba ya ku Bembeke musagulitse, muikemo mdzukulu kapena mphwanu. Mukafika Malichi mayi akupuma bwino, inu mukugona tulo, yambani kufunsa za poloti. Mukaona kuti Novembala wakulakani, pali njira ina imene mabanja ena amachita: kukhala kwanu miyezi yofunda, n'kumatsikira kunyanja Meyi akamatha mpaka Ogasiti. Lendi ya miyezi itatu pachaka ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanga, ndipo nthawi imeneyo mudzakhala mutakolola kale.

Pakali pano Juni akubwerayu akupezani ku Bembeke komweko. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka, mpweya wake umapha anthu ali m'tulo, ndipo utsi wa nkhuni za m'khitchini ukhoza kukhala ukuwonjezera chifuwa cha mayi kuposa chisanu chimene mukuchiimba mlandu. Zimenezonso kawafunseni adokotala pa ulendo womwewo wa BP.