Mowa wa chimera wofulula pakhomo: mafunso ochokera mu Blantyre

Mafunso awa ndi a anthu ofulula mowa wosefa wa m'mabotolo, woyambira ku chimera chenicheni.

Funso lochokera ku Chilomoni: Ndinaviika makilogalamu 5 a chimera cha barele m'madzi otentha kwa ola lathunthu. Nditasefa ndi kuwiritsa ndinapeza malita 20, koma hydrometer (chipangizo choyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi a chimera) inangofika pa 1.028 ndipo mowa unatuluka wamadzimadzi. Ndinalakwitsa pati?

Achimwene, chimera chochuluka chonchi chimayenera kukupatsani pafupifupi 1.050, ndiye kuti theka la shuga linatsalira m'masese. Poyambira kufufuza ndi kutentha kwa madzi. M'chimera muli ma enzyme omwe amasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo amagwira bwino phala likakhala pakati pa madigiri 64 ndi 68. Likapitirira 78 amafa, safufukanso. Ambiri amathira madzi ochoka pamoto ali bwatabwata, n'kupha chimera chonse pa mphindi yoyamba.

Pa makilogalamu 5 tenthetsani malita 14 kufika madigiri 72, kenako thirani chimera pang'onopang'ono mukuvundula kuti pasakhale mibulu. Chimera chozizira chitsitsa phalalo kufika cha m'ma 66. Vundikirani, kutirani m'bulangeti kapena gwiritsani ntchito cooler box, musiye mphindi 60. Musanasefe, tapani madzi ake supuni imodzi pa mbale yoyera n'kudonthezapo ayodini wa ku famase. Akasanduka wakuda ngati inki, sitachi ikadalipo, onjezerani mphindi 20. Zoyeserazo tayani, musabwezere mumphika.

Thermometer nayonso imanama. Iyeseni m'madzi odzaza ayezi, iwerenge 0. M'madzi owira musayembekezere 100, chifukwa Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo madzi amawira cha m'ma 96 kapena 97. Mukaisintha kuti iwerenge 100 mwaiwononga nokha.

Funso lochokera ku Bangwe: Chimera cha barele n'chodula ndipo chimasowa. Ndinayesa chimanga ndi chimera cha mapira pa madigiri 66 omwewo, zinakanika. Kodi sizitheka?

Zimatheka, mayi, koma njira yake ndi ina. Sitachi ya barele imafewa pa kutentha komwe ma enzyme akugwira ntchito. Ya chimanga ndi mapira ndi youma mutu, imafuna madigiri opitirira 70 kuti itseguke, pomwe ma enzyme ayamba kale kufooka. N'chifukwa chake ofulula thobwa ndi masese amayamba aphika phala, n'kulisiya lizizire, kenako n'kuthira chimera. Nzeru imeneyi ndi yolondola ndithu, ingoiwonjezerani thermometer.

Phikani mphale yogayitsa kwa mphindi 30 mpaka phala lipse. Mgaiwa upeweni, mafuta a mtima wa chimanga amapha thovu la mowa. Tsitsani phalalo ndi madzi ozizira kufika madigiri 68, n'kuthiramo chimera. Ngati muli ndi barele pang'ono, sakanizani magawo 7 a barele ndi magawo 3 a chimanga, mowa umatuluka wopepuka bwino. Ngati ndi mapira okhaokha, viikani chimera chogaya m'madzi ofunda a madigiri 50 kwa mphindi 30, tsanulani madzi oyera a pamwamba muwasunge pambali chifukwa ma enzyme ali m'menemo, phikani zotsala pansizo, zizizire kufika 65, n'kubwezeramo madzi aja. Perekani mphindi 90. Mapira ali ndi enzyme yochepa yopanga shuga amene yisiti amadya, choncho mowa wake umatsekemererako ndipo mphamvu imachepa.

Chimera chopanga nokha chiyanikeni chiume gwa, muchotse timizu tonse, makamaka ta mapira. Chikaoneka chuku chobiriwira kapena chakuda, tayani chonse. Poizoni wa chuku satha ndi kuwiritsa.

Funso lochokera ku Chirimba: Posefa madzi amangodontha, kenako amaimiratu.

Mwagaya kwambiri. Chigayo cha ufa chimapera mankhusu, pomwe mankhusuwo ndi amene amakhala sefa. Njere ingosweka zidutswa zitatu kapena zinayi, khungu likhale lathunthu. Mapira ndi chimanga zilibe mankhusu otere, choncho sakanizanimo mankhusu a mpunga otsuka bwino, manja awiri pa makilogalamu 5. Zikaima, tsekani mpopi, thirani madzi a madigiri 76, vundulani, dikirani mphindi 10, tsegulani pang'ono. Madzi otsukira masese asapitirire 78, apo ayi mowa umachita khambi ngati tiyi wokhalitsa.

Funso lochokera ku Ndirande: Mowa wa mwezi wa June unakoma. Wa October, njira yomweyo, ukununkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo ndipo ukupweteka mutu.

Bambo, chasintha ndi nyengo. Yisiti wa ale, amene amawiritsa mowa wa mtundu uwu, amafuna madigiri 18 mpaka 22, ndipo June wa kuno ndi chiperoni chake amakupatsani zimenezo kwaulere. Mu October nyumba ya malata imapitirira 30, komanso mkati mwa chidebe mumatentha madigiri 2 mpaka 4 kuposa panja chifukwa kuwira kwa mowa kumatulutsa kutentha. Yisiti akatenthedwa amapanga mitundu ya mowa yolemera ndi mankhwala ena onunkha, ndipo ndi zimene zikubweretsa fungo mukumvalo. Masiku atatu oyamba ndi amene amaononga kapena kukonza zonse.

Ikani chidebe m'beseni la madzi pa simenti, m'chipinda chomwe dzuwa silifika. Chivekeni thaulo lonyowa lomwe m'munsi mwake mwamira m'madzi, kuti lizikoka madzi n'kumauma ndi mphepo. Magetsi akakhalapo umitsani mabotolo awiri a madzi mufiriji akhale ayezi, muziponya limodzi m'beseni m'mawa, lina masana. Ndipo musathire yisiti madzi a chimera asanatsike pansi pa 24. Amene angapeze yisiti wa kveik wa ku Norway, ameneyo amawira bwino ngakhale pa madigiri 35.

Funso lochokera ku Machinjiri: Wanga ukumveka ngati mankhwala a kuchipatala.

Ndi klorini wa m'madzi a pampopi, kapena bulichi amene simunatsukuluze bwino m'chidebe. Tungani madzi dzulo lake agone osavundikira, kapena awiritseni kaye. Piritsi limodzi la Campden, lochotsa klorini m'madzi, limakwanira malita 75.

Funso lochokera ku Zingwangwa: Mowa unasasa ngati viniga, ndipo mabotolo atatu anaphulika usiku.

Mavuto awiriwa nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi. Mukamaliza kuwiritsa, chilichonse chokhudza madziwo chikhale chophedwa tizilombo: paipi, supuni, chivundikiro, manja. Mthiko wa nsima usalowemo, mtengo umasunga tizilombo m'ming'alu. Chidebe chokalika mkati chisiyeni chikhale chotungira madzi. Ziziritsani msanga, pasanathe mphindi 40, pomiza mphika m'beseni n'kumasintha madzi. Chivundikiro chitseke ndithu, mpweya uzitulukira pa paipi yomira m'botolo la madzi, kuti tintchentche ta pa nthochi zakupsa tisalowe, paja timanyamula tizilombo ta viniga.

Kuphulika kumabwera mukathira m'mabotolo mowa usanamalize kuwira, kapena tizilombo tija tikamapitiriza kudya shuga m'botolo. Kusiya kutuluka thovu pa paipi si umboni. Yesani ndi hydrometer kawiri motalikitsa masiku atatu, ndipo nambala ikhale yosasintha, cha m'ma 1.010. Shuga wopangira gasi ndi magalamu 6 pa lita, woyeza pa sikelo, wosungunula m'madzi owiritsa. Pa gulu lililonse dzazani botolo limodzi la pulasitiki la zakumwa za gasi. Likauma ngati mwala pasanathe masiku atatu, otsalawo aikeni m'kreti yokutira chiguduli, muwaziziritse, n'kumatsegula limodzilimodzi nkhope mutayang'ana kumbali.