Kuika magemu akale m'foni: mlandu uli pati?

M'bale wina wa ku Zomba, amene amakonza mafoni, wanditumizira kalata pa imelo. Akuti makasitomala akumamupempha kuti awaikire PPSSPP, pulogalamu yoseweretsa pa foni magemu a PSP (makina a m'manja a Sony), pamodzi ndi magemu a God of War, Tekken ndi PES, ndipo akuganiza zoyamba kulipiritsa. Akufunsa kuti: "Magemuwa ndi akalekale, eni ake anasiya kuwagulitsa. Ndikamawaika m'mafoni a anthu ndikulakwira ndani? Ena akuti emulator ndi yoletsedwa, ena akuti ndingonena kuti ndi homebrew basi nkhani yatha. Zoona ndi ziti?"

Achimwene, mwamanga zinthu zitatu mtolo umodzi, pomwe lamulo limaziona padera padera: emulator (pulogalamu ngati PPSSPP, yotsanzira makina a magemu), ROM (fayilo ya gemu yokopedwa) ndi homebrew (gemu yolemba munthu payekha). Emulator ili ngati wailesi ya kaseti, ROM ndiye kasetiyo. Kukhala ndi wailesi si mlandu. Nkhani imayamba tikafunsa kumene kaseti yachokera.

Zoti emulator ndi yololedwa zinamenyedwera kukhoti ku America. Mu 1999 kampani ya Connectix inatulutsa Virtual Game Station, pulogalamu yoseweretsa madisiki a PlayStation pa kompyuta ya Mac. Sony inakasuma chifukwa akatswiri a Connectix anakopera BIOS ya PlayStation, kapulogalamu kamene kamadzutsa makinawo, kuti aone mmene kamagwirira ntchito. Mu 2000 khoti la apilo linati kukopera koteroko, kofuna kuphunzira, n'kololedwa, popeza chimene anagulitsa pomaliza chinali cholemba okha, mulibe khodi ya Sony. Kampani ina, Bleem, nayonso Sony inalephera kuigonjetsa kukhoti, koma ndalama za maloya zinaiyamwa mpaka inatseka mu 2001. Pofika 2018 Sony yomweyo inagulitsa PlayStation Classic, ndipo m'kati mwake munali PCSX ReARMed, emulator yolembedwa ndi anthu wamba. Apple nayo inayamba kulola ma emulator pa App Store mu Epulo 2024. Tsono PPSSPP ikani mtima uli m'malo. Iyo sifuna n'komwe BIOS ya Sony. Ma emulator a PS2 ndiwo amaifuna, ndipo BIOS yotola pa intaneti ndi katundu wa Sony ngati gemu ina iliyonse.

Amene akuti emulator ndi yoletsedwa ayenera kuti anamva za Yuzu. Imeneyo inkaseweretsa magemu a Nintendo Switch, makina amene anali akadali pamsika, ndipo magemuwo ndi okhomedwa ndi makiyi achinsinsi. Lamulo la ku America la DMCA, la mu 1998, limaletsa kuthyola loko wotere. Nintendo inanenanso kuti The Legend of Zelda: Tears of the Kingdom inakopedwa koposa miliyoni imodzi isanatuluke n'komwe. Mu Malichi 2024 eni Yuzu anavomera kulipira madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Dziwani kuti anagwirizana okha, woweruza sanagamule kuti emulator iliyonse ndi yolakwa. Chinawapweteka ndi loko uja, komanso ndalama zimene ankatolera mwezi ndi mwezi kwa owatsatira.

Pa ROM ndiye pamene sindikunyengererani. Kukalamba kwa gemu sikuchotsa umwini. Ku America, ntchito yopangidwa ndi kampani imatetezedwa zaka 95, kutanthauza kuti Super Mario Bros. ya mu 1985 ikhalabe ya Nintendo mpaka 2080. Magemu a PSP, makina a mu 2004, ndi adzulodzuloli. Mwini akasiya kugulitsa, ufulu wake sunathe, wangosunga katundu m'nyumba. Ndipo zija zimalembedwa pa mawebusayiti, zoti mukafufuta gemu pasanathe maola 24 palibe mlandu, n'zabodza. Palibe lamulo lotero, anangozipeka ofalitsa ma ROM kuti adzitonthoze.

Onani amene agwidwapo. Banja la ku Arizona lomwe linkayendetsa mawebusayiti ogawa ma ROM a LoveROMs ndi LoveRETRO linavomera chigamulo cha madola oposa 12 miliyoni mu 2018. Chaka chomwecho EmuParadise, imene inatumikira anthu zaka zambiri, inachotsa yokha ma ROM onse. Mu 2021 mwini RomUniverse, yemwe ankalipiritsa mamembala, analamulidwa kupereka madola 2.1 miliyoni. Onsewa ndi ogawa ndi ogulitsa. Mnyamata wosewera payekha kuchipinda makampani samutaya naye nthawi, ngakhale kuti nayenso pamalamulo sali bwino. Inu mukangoyamba kulandira ndalama pa gemu iliyonse, mwasamukira kugulu la ogulitsa.

Musaganize kuti izi n'za ku America kokha. Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, ndiye ntchito za anthu akunja zimatetezedwa kuno monga zathu zimatetezedwera kwawo. Lamulo lathu la Copyright Act la mu 2016, limene COSOMA imayang'anira, limaphatikizapo mapulogalamu a pakompyuta. Kuti Sony sinafike pa benchi yanu sizikutanthauza kuti chilolezo muli nacho.

Pali njira imodzi imene munthu angaimepo molimbako: kukhala ndi disiki yako yogula, n'kudzikopera wekha kuti uzisewera pa foni yako. Maiko amasiyana pa zimenezi ndipo Nintendo imakana, koma n'zotalikirana kwambiri ndi kutola gemu pa intaneti. Kopeyo ukangopatsa mnzako, mwayi umenewo watha.

Ine zimandiwawa kuti lamulo lili chonchi. Kafukufuku wa Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chaka cha 2010 chisanafike sakupezekanso pamsika. Amene asunga mbiri imeneyi ndi anthu omwewa amene akutchedwa akuba. Kuno ambiri tinadziwira magemu pa makatiriji achikasu aja olembedwa "9999 in 1", m'kati muli magemu ochepa ongobwerezabwereza, chifukwa enieniwo sankafika m'masitolo athu. Kampani imene ikukana kugulitsa, n'kumaletsanso ena kusunga, ikulakwira mibadwo yobwera. Koma kuwawidwa mtima kwangaku sikungakuimireni pamaso pa woweruza.

Homebrew ndi gemu kapena pulogalamu imene munthu walemba yekha kuti iziyenda pa makina a kampani ina. Micro Mages, ya mu 2019, inalembedwera NES, makina akale a Nintendo, ndipo yonse inakwana m'makilobaiti 40. Tanglewood inatuluka pa Mega Drive, makina akale a Sega, mu 2018. Mwini wa homebrew ndi wolembayo, ndipo ambiri amagawa zawo ulere. Koma kusintha dzina sikusintha chinthu. PES yoikidwa matimu ndi mayunifolomu atsopano ikadali ya Konami. Ngakhale gemu yolemba wekha, ukabwereka anthu a m'gemu ya eni umagwidwa: AM2R, imene wokonda Metroid anaipanga kwa zaka zambiri, Nintendo inaichotsetsa patangopita masiku ochepa itatuluka mu 2016. Ndipo Gary Bowser, wa gulu la Team Xecuter logulitsa zipangizo zothyolera loko wa Switch, anagamulidwa kukhala kundende miyezi 40 mu 2022.

Ndiye pa bizinesi yanuyo, lipiritsani luso lanu. Kuika PPSSPP, kuichuna kuti isamadukeduke pa foni ya RAM yochepa, kulumikiza padi ya Bluetooth, kugulitsa mapadiwo ndi mamemore khadi, zonsezi ndi thukuta lanu. Ikanimo magemu a homebrew amene eni ake analemba poyera kuti ndi ogawa ulere, koma muziwerenga kaye chilolezo chake chifukwa ena amalola kugawa koma amaletsa kugulitsa. Chikwangwani cholembedwa mitengo ya God of War ndi Tekken chokha musachikhome pakhomo. Ndipo ngati muli ndi kompyuta, yesani GB Studio. Ndi yaulere, imapanga magemu a Game Boy popanda kulemba khodi yambiri, ndipo gemu imene mungapange nayo mukhoza kuigulitsa pa mtengo umene mwafuna.