Funsani Dokotala: Mayi asiya mapiritsi a BP, akumwa timibulu ta homeopathy

Funso: Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 63 ndipo akhala akumwa amlodipine kwa zaka zinayi chifukwa cha BP. Mwezi watha mnzawo anawapatsa kabotolo ka timibulu toyera ta homeopathy kolembedwa 30C. Mapiritsi aja asiya, akuti ankawatupitsa mapazi, ndipo pano akuti m'thupi mwapepuka. Ndingowasiya?

Yankho: Ayi, musawasiye. Pitani nawo akayezetse BP mawa lomwe ngati kungatheke, ndipo kabotoloko mukatenge.

Anthu ambiri amaganiza kuti homeopathy ndi mankhwala azitsamba, koma ndi zosiyana. Anaiyambitsa dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, mu 1796, pokhulupirira kuti chinthu chodwalitsa munthu wabwinobwino chingachize wodwala amene ali ndi zizindikiro zofanana ngati chasukulutsidwa kwambiri. Tanthauzo la 30C ija ndi ili: amatenga dontho limodzi la mankhwala n'kulithira m'madontho 99 a madzi, n'kukhutchumula. Pamenepo amatapapo dontho limodzi, n'kulithiranso m'madontho ena 99. Amatero maulendo 30. Akamadutsa ulendo wa 12 mankhwala oyamba aja amakhala atatheratu, ndiye zimene amadonthezera pa timibuluto, tomwe ndi topangidwa ndi shuga, ndi madzi chabe. Kunena mosabisa, mayi akumwa shuga.

Mu 2015, bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, NHMRC, litaunika kafukufuku wambiri, linapeza kuti palibe matenda ngakhale amodzi amene pali umboni wodalirika woti homeopathy imachiza.

Nanga kupepuka kuja? Sindikuwatsutsa mayi. Amlodipine amatupitsadi mapazi mwa anthu ena, ndipo akamusiya kutupako kumaphwa. Vuto ndi lakuti BP siimveka m'thupi. Munthu amatha kuyenda, kuseka, kugwira ntchito zake makina akuwerenga 170/100, uku mitsempha ya muubongo, mtima ndi impso zikuwonongeka mwakachetechete. Ena amadziwira pa sitiroko. Chotiuza zoona ndi makina oyezera basi, ndipo timafuna kuti aziwerenga pansi pa 140/90.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti dandaulo la mayi linali losavuta kulithetsa. Dokotala wawo akhoza kuchepetsa mlingo wa amlodipine, kapena kuwapatsa ena monga hydrochlorothiazide kapena enalapril. Enalapril naye amatsokomoletsa ena chifuwa chouma. Zikatero akanene, osati kungosiya chamumtima. Mchere achepetse, usapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa m'zakudya zogula. Aziyendanso ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata.

Polankhula nawo musawanyoze kapena kuwalanda kabotoloko, angayambe kukubisirani. Akaone okha manambala pa makinawo. Koma mukaona mutu ukuwawa kwambiri, pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo walefuka, akulankhula movutikira, kapena akumva kupweteka pachifuwa, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala.