Funsani Amalume: Ndipite ndekha ku chilumba cha ku Greece mu Disembala?

Amalume,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Katete, ana anga onse anakula. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikusunga ndalama za chilimba kuti ndikaone nyanja ya ku Greece ndi maso angawa, makamaka Santorini wa nyumba zoyera uja timamuona pa Facebook. Mpata wabwino ndili nawo mu Disembala sukulu zikatsekera, koma mnzanga amene tinapangana naye wasintha maganizo, akuti ndalama zake zalowa ku feteleza. Abale akuti ndazungulira mutu: mkazi yekha, dziko la eni, nyengo yozizira. Ndipite, kapena ndingogula ng'ombe?

Mphunzitsi, Katete

Aphunzitsi, pitani. Ng'ombe mudzazipeza zikadali ku Katete komweko. Koma Santorini uja muyambe mwamuika pambali.

Ine ndagwira ntchito zaka zambiri m'maloji a ku Mfuwe. Mvula ikangoyamba mu Novembala, timakampu ta m'tchire timatsekedwa, misewu ya dothi lakuda ija imasanduka phala, ndipo mnyamata amene mu Ogasiti ankaperekera zakudya atavala yunifolomu yosita mumam'peza ali ndi khasu m'munda mwake. Ku Greece n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko chothamangitsa alendo si matope koma mphepo ndi chisanu. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka cha mu Epulo, malo amene amadyera alendo okhaokha amagona tulo. Tchuthi changa chinkagwa nthawi yomweyi, choncho nanenso ndinapita mu Disembala, ndekhandekha, ndi kachikwama kamodzi.

Santorini ndi kachilumba ka anthu pafupifupi 15,000, ndipo moyo wake wonse ndi alendo. Nyumba zoyerazo mu Disembala mudzaziona ndithu, koma zambiri zili zokhoma, amisiri akugogoda ndi kupaka laimu. Inu pitani ku Crete, chilumba chachikulu kuposa zonse za ku Greece, chimene m'Baibulo timawerenga kuti Krete. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 260, anthu ake amapitirira 600,000, kuli misika, mayunivesite, zipatala ndi alimi. Alendo akachoka, eni ake amapitiriza moyo wawo, ndipo moyo umenewo ndi womwe mukaone.

Za mapepala ndifulumirepo. Mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Greece. Mtengo wake unakwera kufika pa 90 euro mu Juni 2024, ndipo amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro, tiketi yobwerera, umboni wa kogona, pepala la ku banki ndi kalata ya kuntchito. Pempho amalandira kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike. Yankho limatuluka m'masiku 15, koma likhoza kufika masiku 45, ndiye musadikire kuti mayeso a Giredi 12 athe kaye. Ndege yolunjika ku Athens, likulu la Greece, kuchokera ku Lusaka kapena ku Lilongwe kulibe, mumasinthira ku Addis Ababa, Dubai kapena Doha. Funsani mitengo ya mbali zonse ziwiri, chifukwa kwa ife a kum'mawa kuno kudzera pa Mwami kupita ku Lilongwe n'kufupi kuposa kutsika Great East Road yonse.

Kuchokera ku Athens, ndege yopita ku Heraklion, tauni yaikulu ya pa Crete, sikwana n'komwe ola limodzi. Ine ndinakwera sitima yapamadzi padoko la Piraeus, imene imanyamuka usiku n'kukafika m'bandakucha. Sitimayo ndi nyumba yansanjika yoyandama, pansi pake mwadzaza malole. Ndinagula tiketi ya pampando, osati ya kachipinda, n'kugona pakapeti pakati pa asilikali achinyamata ndi agogo ena amene anayala bulangete ngati ali pakhomo pawo. Pobwerera ndi pomwe ndinaphunzira. Mphepo inakula, akuluakulu a padoko analetsa sitima zonse kunyamuka, ndipo panalibe woti n'kumuchonderera. Ndinagona usiku winanso ku Heraklion mtima uli m'mwamba, ndikuwerengera maola a ndege yanga ya ku Athens. Ngati munapitako ku Sande sukulu mukukumbukira kuti pa Machitidwe 27 Paulo anachenjeza amalinyero ali pa gombe la kum'mwera kwa chilumba chomwechi kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, iwo osamva. Malowo alipo mpaka lero, amawatcha Kaloi Limenes. Nyanjayo sinasinthe khalidwe. Musiye masiku awiri opanda pulogalamu pakati pa kuchoka pachilumba ndi ndege yobwerera kwathu.

Wotchi yanu musaikhudze. M'miyezi yozizira nthawi ya ku Greece imafanana ndendende ndi ya ku Zambia, moti ana akamaimba foni 19 koloko ku Katete, kwa inunso ndi 19 koloko. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko dzuwa limakhala litalowa kalekale, 17 koloko ikangopitirira pang'ono.

Tsopano chisanu. Mukaona manambala mudzaseka: masana m'mbali mwa nyanja ndi madigiri 15 kapena 16, usiku cha m'ma 10. Mudzati ndi Juni wa ku Chipata basi. Iyayi. Juni wathu ndi wouma, 10 koloko dzuwa latuluka, juzi tavula. Kumeneko ndi chisanu chonyowa, cha mvula ndi mphepo ya panyanja, ndipo zipinda zambiri za alendo anazimangira nyengo yotentha: pansi matailosi, makoma oyera, bulangete limodzi lopyapyala. Usiku woyamba ku Rethymno, tauni ina ya pa Crete, ndinagona nditavala jekete ndi masokosi awiriawiri, ndikulakalaka mbaula. M'mawa ndinatsegula mpopi wa madzi otentha, ndinadikira, ndinadikiranso, madzi ali zii ngati a m'chitsime. Mayi mwini nyumba anabwera atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandigwira dzanja ngati mwana wa Giredi 1, n'kundionetsa kaswichi pakhoma kuseri kwa chitseko. Madzi awo amatenthetsa ndi dzuwa padenga, ndiye kukachita mitambo masiku awiri umayenera kuyatsa magetsi n'kudikira theka la ola. Musanalipire chipinda funsani zinthu ziwiri: chotenthetsera m'chipinda chilipo? Nanga madzi otentha? Ubwino wake mtengo umatsika kwambiri, ndipo ukanena kuti ukhala masiku anayi kapena asanu, kunenerera kumatheka ngati pa msika wa Kapata. Tengani jekete yosalowa madzi, nsapato zotseka, ndi kapulagi ka mano awiri obulungira, chifukwa athu a mano atatu aja salowa. Chitenje musasiye, chimathandiza m'khosi ndi pabedi pomwe.

Mabasi awo amatchedwa KTEL. Pamsewu waukulu wa kumpoto, kuchokera ku Heraklion kudzera ku Rethymno mpaka ku Chania, amayenda chaka chonse, ulendo wa maola pafupifupi atatu, ndipo amanyamuka nthawi ikakwana ngakhale muli anthu anayi. Zodikira kuti idzaze kulibe. A kumidzi ndiye ena. M'nyengo imeneyi ambiri amatsata ana a sukulu, imodzi m'mamawa, ina masana, Loweruka ndi Lamlungu mwina osaoneka n'komwe.

Ine zinandigwera Lachisanu. Ndinakwera basi kupita kumudzi wina wa m'mapiri kum'mwera kwa Rethymno, ndikuti ndibwerera madzulo. Pepala la nthawi limene ndinajambula pa foni linali la miyezi ya alendo. Ndinaima pamsewu mpaka zala kuuma. Kenaka ndinamva kulira kwa jenereta kumunsi kwa msewu, ndipo nditasuzumira ndinaona banja lonse lili pansi pa mitengo ya azitona. Anayala maukonde obiriwira pansi ponse. Bambo ndi mwana wake ankagwedeza nthambi ndi ndodo zazitali zokhala ndi timapulasitiki tozungulira kunsonga, zipatso zikugwa ngati matalala, amayi atagwada akuchotsa masamba n'kumathira m'masaka. Ndinangoti kalimera, moni wawo wa m'mawa, ngakhale kunali kutada kale, onse n'kuphulika kuseka. Mnyamatayo ankalankhula Chingelezi chabwino kuposa changa. Nditam'funsa kumene anachiphunzira, anati kuyambira Meyi mpaka Okutobala amaperekera zakudya pa hotela ina ya kunyanja, Novembala akafika amabwera kudzakolola za bambo ake. Ndinamuuza kuti nanenso ntchito yanga ndi yomweyo, ndipo anzanga onse panopa ali m'minda akupalira chimanga. Anamasulira kwa bambo ake, mkuluyo n'kuika ndodo pansi kudzandigwira chanza kachiwiri.

Ananditenga pa kagalimoto kawo kapamtunda, nditakhala pamwamba pa masaka, mpaka kuchigayo cha mafuta. N'chimodzimodzi chigayo chathu: mzere wa masaka olembedwa maina, anthu akudikira nthawi yawo, nkhani zili pakamwa. Mafuta akutuluka obiriwira, amathira pa buledi wootcha ndi kamchere, ndipo amakanda pakhosi mpaka kutsokomola. Kenaka panabwera timatambula ta raki, kachasu wawo wa mphesa amene amatcheza mu Okutobala ndi Novembala. Ngati simumwa, ikani dzanja pachifuwa n'kunena kuti efharisto, ndiye kuti zikomo, sakukakamizani kwambiri. Usiku umenewo ndinagona kwa mlongo wake wa mayi uja. Mu Ogasiti anthu amenewa sakanakhala ndi mpata ngakhale wondiyang'ana.

Komabe inu musachite dala zosiyidwa ndi basi. Funsani dalaivala yemwe wakubweretsaniyo kuti yobwerera ndi ya nthawi yanji lero, osati mawa, ndipo alembe papepala. Samalaninso ndi mawu awiri awa: akati ne ndiye kuti inde, pamene iyayi ndi ohi, ndipo kawirikawiri satchula n'komwe, amangotukula chibwano ndi nsidze m'mwamba. Ine ndinkayesa akundipatsa moni.

Nkhawa ya abale anu ndisaipeputse. Kwa mayi woyenda yekha, chondidetsa nkhawa ine si achifwamba koma misewu yopanda anthu. Gonani m'matauni, ku Chania, Rethymno kapena Heraklion, kumene madzulo kumakhala ana a yunivesite ndi mabanja akuyendayenda, ndipo kumidzi muzipita masana. M'mapiri musakwere nokha. Nsonga za Psiloritis, phiri la mamita 2,456, ndi za Lefka Ori zimakhala zitayera ndi chipale chofewa, ndipo chigwa chotchuka cha Samaria chimatsekedwa nyengo yonseyi chifukwa cha madzi ndi miyala yogumuka. Nambala ya pangozi ndi 112. Chinanso ndinene mosabisa: khungu lathuli. Kum'mwera kwa Crete kumafikira mabwato a anthu othawa kwawo ochokera ku Libya, choncho wapolisi akhoza kukuimitsani kufuna mapepala. Ine anandiimitsa kamodzi pa siteshoni ya basi. Ndinatulutsa pasipoti, anaona viza, anabweza, nkhani n'kuthera pomwepo, koma mtima unandiwawa tsiku lonse. Pasipoti izikhala pathupi, chithunzi chake chili mu foni. Kumidzi adzakuyang'anitsitsani, makamaka mukalowa mu kafenio, kanyumba ka khofi komwe madoda amaombera makadi. Perekani moni mokweza ngati mukulowa pabwalo la amfumu, mudzaona nkhope zikumasuka.

Zoona n'zambiri. Ku Knossos, makilomita 5 okha kuchokera ku Heraklion, kuli mabwinja a nyumba yachifumu ya zaka pafupifupi 4,000, imene katswiri wofukula zakale Arthur Evans anayamba kufukula mu 1900. M'miyezi ya alendo anthu amapanikizana ngati pa Nc'wala ku Mtenguleni, koma ine ndinayendamo ndi anthu osakwana khumi, kuphatikizapo nkhanga zamaluwa zija amati pikoko. Pitani m'mawa, chifukwa nyengo ino amatseka msanga. M'tauni ya Heraklion muli tchalitchi cha Agios Titos, mmene amasunga chigaza chimene amati ndi cha Tito, yemwe Paulo anam'siya pachilumbachi. Chinabwezedwa kuchokera ku Venice, mzinda wa ku Italy, mu 1966. Ku Chania kakhaleni padoko lakale mukuonerera mafunde akumenya khoma mpaka kulowa m'misewu. Zosambira iwalani. Pa 25 ndi 26 Disembala komanso pa 1 Januwale masitolo amatseka, muguliretu buledi ndi malalanje, omwe nthawi imeneyi amakhala mbwee.

Cholemera kwenikweni ndi madzulo. Mdima ukagwa msanga, uli wekha m'chipinda, mvula ikugogoda pawindo, umayamba kuganiza za nsima ya mgaiwa ndi chibwabwa chotendera. Ine ndinapeza mankhwala ake: kudya pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Tsiku lachitatu mwini wake anasiya kundipatsa pepala la zakudya, ankangondikokera kukhitchini kukavundukula mapoto kuti ndiloze. Nyemba za msuzi, mphodza, ndi masamba akutchire owiritsa otchedwa horta, amene akanakhala kwathu tikanati ndi chisoso kapena bonongwe. Tsiku lachisanu anandiikira mbale ya nkhono zokazinga n'kuima pambali kuti aone ngati ndilimbe mtima. Munthu wa kum'mawa, amene Abemba amam'seka chaka chonse chifukwa cha mbewa, angaope nkhono? Ndinapempha zina.

* * *

Amalume, ndamva kuti ku Greece amafuna anthu othyola azitona. Ndingapite ndi viza ya alendo n'kukagwirako ganyu kuti ndibweze ya tiketi?

Mnyamata wa ku Petauke

Mphwanga, ayi. Viza ya alendo imakulola kukhala masiku osapitirira 90 m'masiku 180 aliwonse, koma siikulola kugwira ntchito yolipidwa. Akakugwira amakubweza, ndipo dzina lako limalowa mu kompyuta imene maiko onse a Schengen amaona. Aliyense wokuuza pa WhatsApp kuti utumize ndalama akukonzere ntchito ya m'munda kumeneko, m'funse chikalata cha ntchito chochokera kwa mwini munda ndi viza ya ntchito. Ukaona akuzungulirazungulira, sunga ndalama zako.

* * *

Amalume, mwana wanga ali pa sukulu ku Ulaya ndipo ndikupita kukamuona. Ndingam'tengere ndiwo za kwathu?

Mayi wa ku Chadiza

Amayi, ufa tengani, kapenta wouma tengani, nsomba zouma za pa Luangwa Bridge nazonso zimaloledwa bola kapenta ndi nsombazo pamodzi zisapitirire makilogalamu 20. Nyama ndi za mkaka n'zoletsedwa kulowa nazo m'maiko a European Union, kaya ndi yowamba kaya yofutsa. Ndipo musanafunse: inde, mbewa nazo amaziwerengera kuti ndi nyama.