Ndajambula pa S&Q, chithunzi chada ndipo mawu mulibe

Funso: Amisiri, ndimajambula maukwati kuno ku Salima. Ndinagula kamera ya Sony FX3 yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku America. Pa perekaniperekani mu holo madzulo ndinaika pa S&Q (Slow and Quick, njira yochedwetsa kapena kufulumizitsa kanema) kuti ndalama zizioneka zikugwa pang'onopang'ono. Chithunzi chatuluka chakuda, chikuphethira, mawunso mulibe. Kodi anandigulitsa yowonongeka?

Yankho: Achimwene, kamerayo ili bwinobwino. Pa S&Q Sony sajambula mawu, anaipanga dala choncho. Nyimbo ndi mawu a mkulu wa mwambo zitengeni ndi chojambulira china, mudzaphatikize pa kompyuta.

Kudako kwabwera chifukwa cha liwiro. Kanema wa kuno amaonetsedwa pa mafelemu (zithunzi) 25 pa sekondi. Mukafuna kuti zinthu ziziyenda mochedwa kanayi, kamera imajambula mafelemu 100 pa sekondi n'kudzawaonetsa pa 25. Ndiye kuti felemu iliyonse ili ndi kanthawi kochepa kolandirira kuwala. Shata (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala) yomwe inali pa 1/50 ya sekondi imapita pa 1/200, kuwala kolowa n'kuchepa kanayi. Masana pa mchenga wa ku Senga Bay simungadandaule, mwinanso mufunika fyuluta ya ND yochepetsa kuwala. Mu holo ya mababu atatu, kamera ikweza ISO kuti iwalitse chithunzi ndipo nkhope ya mkwatibwi idzadzaza timadontho.

Kuphethirako ndikukayikira kuti kamera yanu idakali pa NTSC, dongosolo la kanema la ku America, poti inachokera ku America komwe magetsi ndi a 60Hz. Athu ndi a 50Hz, choncho mababu ambiri, makamaka a LED otchipa ndi machubu aja, amawala n'kuzilala ka 100 pa sekondi. Maso sakuona, koma kamera ikamajambula mafelemu 120 imakuonetsa poyera. Sinthani muike pa PAL, dongosolo la kuno, musankhe mafelemu 50 kapena 100, shata ikhale 1/100. Musanasinthe, koperani kaye zonse za pa khadi, chifukwa makamera ena a Sony amafuna kufomata khadi (kufufuta zonse zili pamenepo) mukasintha. Pamalo pakakhala jenereta, jambulani kaye pang'ono muone, poti liwiro lake silikhazikika.

Ine mu holo ndimakonda kungojambula 50p wamba (mafelemu 50 pa sekondi) osakhudza S&Q. Mawu amakhalamo, ndipo pokonza ndimachedwetsa kawiri malo okhawo amene ndawafuna. Eni ukwati safuna kuonera apongozi akuvina mochedwa mphindi khumi. Masekondi asanu a ndalama zili m'malere akwana. Onaninso khadi: 4K pa mafelemu 100 imafuna yothamanga ngati V90 kapena CFexpress, ena aja a V30 kamera imawakana.

Funso: Ndili ku Nkhotakota. Ndikufuna dzuwa lizioneka likutuluka mofulumira panyanja, asodzi akubwera ndi usipa. Ndichite bwanji?

Yankho: Ndi S&Q yomweyo, koma mutsitse mafelemu. Ikani felemu 1 pa sekondi, kuonetsa pa 25. Mphindi 10 zikupatsani masekondi 24. Kamera ikhale pa tirayipodi, miyendo yake yolowa bwino mumchenga, ndipo musaikhudze. Fokasi ndi white balance (yolinganiza mitundu) zikhale pa manual, muziike nokha, apo ayi mtundu wa thambo uzidumphadumpha. Kuwala muyezere pomwe dzuwa lizidzafika, chifukwa mukayezera mdima wa m'bandakucha chithunzi chidzayera mbuu pakutha pa mphindi zochepa. Mabwato a pafupi adzangoti zii kudutsa, choncho ngati mukufuna asodziwo azioneka, kwezani pa mafelemu 3 kapena 6.