Kodi Boma Lingotengera za ku Finland pa Sukulu za Mkaka?

Wowerenga wina watitumizira imelo kufunsa kuti: "Boma likafuna kukonza ndondomeko ya kasamalidwe ka ana ndi sukulu za mkaka, bwanji osangotengera za maiko amene zikuwayendera, monga Finland?"

Kutengera sikulakwa ayi. Vuto n'lakuti ambiri amatola chooneka ndi maso n'kusiya chimene chikuyendetsa zinthu. Ku Finland mwana amayamba pulayimale ali ndi zaka 7, koma asanafike pamenepo amakhala m'manja mwa aphunzitsi a digiri olipidwa ndi misonkho. Mukatenga zaka 7 zokhazo, mwangomuchedwetsa mwanayo.

Mu 1997 chigawo cha Quebec ku Canada chinatsitsa mtengo wosamalira mwana kufika pa madola 5 patsiku. Amayi ambiri analowadi ntchito. Koma ofuna malo anachuluka kuposa malowo, alezi ophunzitsidwa bwino sanakwane, ndipo kafukufuku wina anapeza kuti nkhawa ndi ndewu zinakwera mwa ana. Mtengo umatsika tsiku limodzi, mlezi saphunzitsidwa tsiku limodzi.

Ife timaona kuti chitsanzo cha ku Jamaica n'chimene chimasamuka mosavuta. M'zaka za m'ma 1980 ku Kingston, ogwira ntchito zaumoyo ankayendera ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24, ola limodzi sabata iliyonse kwa zaka ziwiri. Ankaonetsa mayi mmene angasewerere ndi kucheza ndi mwana, pogwiritsa ntchito zidole zopanga pakhomo. Patatha zaka 20, anawo ankapeza ndalama zoposa za anzawo amene sanayenderedwe ndi pafupifupi 25 peresenti. Peru inatengera njirayi mu pulogalamu ya Cuna Más. Komabe ku Colombia ataiyesa pa mabanja ambiri, phindu lake linachepa, ndipo patatha zaka ziwiri silinkaonekanso. Woyendera akapanda womuyang'anira pafupi, ulendo wa ola umasanduka moni wa pakhomo.

Choncho musanatenge chilichonse, funsani kuti mlezi mmodzi amasunga ana angati kumeneko, anaphunzira miyezi ingati, ndipo amamulipira ndani. Kenako werengetsani mtengo wa mwana mmodzi pachaka, muphatikize malipiro, chakudya ndi mayendedwe a oyang'anira, osati nyumba yokha. Yesani m'madera ochepa kwa zaka ziwiri, ndi antchito wamba a boma osati akatswiri obwereka, mukuyeza kalankhulidwe ndi kakulidwe ka ana poyamba ndi pomaliza. Nyimbo, nthano ndi mabuku zikhale m'chilankhulo chimene mwana amamva pakhomo.