Funsani Azakhali: Mwana wa mchemwali wanga akuti ndi mkazi, ndimuthandize bwanji muno mu Joni?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 44. Kwathu ndi ku Mulanje koma ndimakhala ku Rosettenville, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Mchemwali wanga wamkulu atamwalira anasiya mwana mmodzi, ndipo ndine ndinamuitanitsa kuno kuti adzasake. Mwanayu anabadwa mnyamata, koma chiyambire ali wamng'ono ankapezeka kumtondo ndi kuchitsime, chitenje chili m'chiuno. Tinkati akakula adzasiya. Pano ali ndi zaka 24 ndipo wandiuza maso ndi maso kuti iye ndi mkazi, akuti ndi transgender. Amaluka tsitsi pa saluni ina m'tauni. Ankalandira mahomoni aulere pa kiliniki ina ku Hillbrow koma inatsekedwa, ndiye pano akumwa mapiritsi olera ogula kwa mnzake, awiriawiri patsiku. Wandipempha kuti ndalama zanga za chipereganyu zikatuluka ndimubwereke, ayambe kusunga za opaleshoni yosintha ziwalo. Kumudzi amalume ake atumiza mawu pa WhatsApp kuti Joni yamuwononga mwana. Ena akuti azungu akumulipira, ena akuti wakhwimira chuma. Kutchalitchi amayi anzanga sakukhalanso nane pafupi. Mwanayu ndimamukonda koma sindikumvetsa. Kodi zimenezi zimadya ndalama zingati? Ndimupatse? Nanga Disembala ndipite naye kumudzi?

Mayi wothedwa nzeru, Rosettenville

Achemwali,

Tiyambe ndi mapiritsiwo, chifukwa ndi amene andisowetsa mtendere nditawerenga kalata yanu. Mapiritsi ambiri olera ali ndi mankhwala otchedwa ethinyl estradiol. Madokotala anasiya kuwapereka kwa anthu ngati mwana wanuyu chifukwa amagwiritsa magazi m'mitsempha. Magazi akaundana m'mwendo, chibuma chake chimatha kuyenda mpaka kukatseka m'mapapo, munthu n'kufa ali wabwinobwino dzulo lake. Kumwa awiriawiri ndi kuwirikiza ngoziyo, ndipo ngati amasuta fodya ndiye zafika poipa. Mukaona mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, kapena akubanika, kapena akumva kubaya pachifuwa, musadikire kuti kuche. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kubweza munthu aliyense wofuna chithandizo chamwadzidzidzi, kaya ali ndi mapepala kaya alibe.

Musamukalipire pa zimenezi. Sanasankhe mapiritsi a mumsewu chifukwa cha chibwana. Bungwe la Wits RHI linatsegula makiliniki a anthu a transgender mu 2019, ina mwa iwo ku Hillbrow, ndipo ankayenda ndi ndalama za boma la America kudzera ku USAID. Kumayambiriro kwa 2025 boma la Donald Trump litaimitsa chithandizo cha kunja, zitseko zinatsekedwa. Anthu amene ankalandira mahomoni, ma ARV ndi PrEP (mankhwala oteteza ku HIV) pakhomo limodzi, kwa manesi owadziwa ndi owaitana dzina limene iwo akufuna, anangotsala pamsewu. Wolemera anakwera Uber kupita kwa dokotala wa pulayiveti. Woluka tsitsi anapita kwa mnzake wa mapiritsi.

Chithandizo chenicheni chimayenda motere. Dokotala amakhala pansi ndi munthuyo, kumufotokozera zimene mahomoni amachita ndi zimene sachita, iye n'kuvomereza akudziwa. Ndi mmene likunenera buku la malangizo limene bungwe la madokotala la Southern African HIV Clinicians Society linatulutsa mu 2021. Kwa wobadwa ndi thupi lachimuna amapereka estradiol, kawirikawiri pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu ya mahomoni achimuna monga spironolactone. Amayeza magazi nthawi ndi nthawi, makamaka chaka choyamba, kuti aone impso, mchere wa potassium ndi mlingo wa mahomoniwo. Khungu limafewa, mawere amayamba kutuluka pakapita miyezi ingapo ndipo amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti akhwime. Mawu sasintha. Ndevu zimachepa mphamvu koma sizichoka. Mphamvu yobereka imatha kuchepa kapena kutheratu, ndipo ichi mwana wa zaka 24 ayenera kuchimva bwinobwino kwa dokotala, osati kwa anzake a pa saluni. Ngati ali pa ma ARV kapena PrEP asasiye poopa kuti zilimbana ndi mahomoni. Zimamwedwa pamodzi, bola dokotala adziwe.

Nanga apite kuti? Zipatala zazikulu za boma monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndi Steve Biko ku Pretoria zili ndi madokotala oona za mahomoni, koma munthu amafikako ndi kalata yochokera ku kiliniki, ndipo mzere wake ndi wautali. Mabungwe a Iranti muno mu Johannesburg ndi Gender DynamiX ya ku Cape Town amagwira ntchito ndi anthu otere, ndipo ndi oyenera kuwafunsa kuti ndi madokotala ati amene akulandira anthu panopa. Pa tsiku loyamba mumuperekeze. Inu ndi ine tikudziwa mmene zakhalira pa zipata za makiliniki, anthu a Operation Dudula, gulu lodana ndi alendo, ataima kufunsa zitupa. Mwana wanu amafika pamenepo ali mlendo, komanso nkhope yake isakugwirizana ndi zolembedwa mu pasipoti. Mayi wachikulire akaima pambali pake, olankhula zachipongwe amayamba kaye ameza malovu.

Tsopano za chipereganyu. Ine ndikuti musapereke ndalamazo kuti zikhale za opaleshoni, ndipo ndikuuzeni chifukwa. Ku pulayiveti opaleshoni yosintha ziwalo imadya ndalama zokwana masauzande mazanamazana a marandi, ndipo mamedical aid (inshuwalansi ya chipatala) ambiri amakana kulipira. Ku boma ndi zipatala zochepa kwambiri zimene zimachita, ndipo ku Groote Schuur ku Cape Town, komwe kumadziwika kwambiri ndi ntchitoyi, mndandanda wa odikira umanenedwa kuti umapitirira zaka 20. Yerekezani ndi malipiro athu. Kuyambira mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola, kutanthauza kuti wogwira maola 45 pa sabata sankafika R6,000 pa mwezi. Muchotsepo lendi, takisi, magetsi, ndi ya pa Mukuru yotumiza kumudzi. Chipereganyu chanu chingalowe m'dzenje limenelo osamveka n'kugwa komwe, pamene ndalama zomwezo zikhoza kulipira dokotala, kuyezetsa magazi ndi mankhwala enieni kwa miyezi yambiri. Muuzeni kuti: mwanawe, ndalama ndikupatsa, koma tikazisiya kwa dokotala limodzi. Adziwenso kuti si onse a transgender amene amachitidwa opaleshoni. Ambiri amakhala moyo wawo wonse ndi mahomoni okha, ena ngakhale mahomoniwo safuna. Ngati patapita zaka mtima wake udzakhale ukadali pomwepo, dzina lake lilembedwe pa mndandanda wa boma, aziyembekeza ali wamoyo.

Chimene anthu ambiri sachiona n'chakuti ndalama ndi pakamwa pa anthu zimayendera limodzi. Mwana wanu amaluka tsitsi osati chifukwa sangathe ntchito ina. Akapita kukafunsira ntchito kusitolo kapena kuresitilanti, bwana amayang'ana pepala, kuyang'ana nkhope, n'kunena kuti tidzakuimbirani. Mwini nyumba akamva mphekesera amakweza lendi kapena kupereka notisi. Pa renki ya Noord kapena Bree madzulo, kumene inu mumangodutsa ndi jumbo yanu, iye amawerengera kaye ngati afike kunyumba osamenyedwa, ndiye masiku ena amalipira galimoto yodula kuti apewe. Amapeza zochepa kuposa anzake, n'kumawononga zambiri kuti angokhala wotetezeka. Ndipo pamene ndevu zikuonekabe chifukwa alibe ya mankhwala, m'pamenenso anthu amamuloza chala kwambiri, ntchito n'kumuthawa. Atsikana ambiri otere amathera mu uhule wa ku Hillbrow kudzera njira imeneyi, abale atawathamangitsa. Choncho chipinda chimene mukugona naye ku Rosettenville ndi chithandizo chachikulu kuposa ndalama iliyonse imene mungamupatse m'manja. Musamuchotse.

Pa mapepala dziko lino lili patsogolo. Malamulo ake aakulu a 1996 amaletsa tsankho lotengera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi kapena amakonda ndani. Lamulo nambala 49 la 2003 limalola munthu kusintha chizindikiro cha umuna kapena ukazi ku Home Affairs, ndipo sililamula opaleshoni, makalata a madokotala awiri otsimikiza chithandizo amakwanira. Koma lamulolo limasintha za m'kaundula wa kubadwa wa South Africa. Mwana wanu ali ndi pasipoti ya Malawi, ndipo Home Affairs singasinthe pasipoti ya dziko lina. Lamulo la othawa kwawo la 1998 limavomereza munthu wothawa nkhanza za mtundu umenewu, koma njira yake yakhwima, makamaka kwa amene wakhala kale m'dziko nthawi yaitali. Asapite yekha ku ofesi ya othawa kwawo ya ku Marabastad ku Pretoria, ndipo asapereke ndalama kwa madobadoba olonjeza mapepala. Ayambe wakaonana ndi a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, amufotokozere ngati nkhani yake ili ndi mwendo woimira.

Za amalume. Mawu akuti azungu akumulipira amandipweteka, chifukwa munthu wolipidwa sagula mapiritsi olera kwa mnzake. Akuti wakhwimira chuma, chuma chake chili kuti? Ndipo akuti Joni yamuwononga, pamene inu nomwe mwalemba kuti chitenje anayamba kumanga ali ku Mulanje, amalume akewo akuona. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo m'mudzi mwathu munali munthu wina wobadwa mwamuna amene ankaphika nawo pamaliro ndi amayi, kusenza mtsuko pamutu, kukhala mbali ya amayi pa mphasa. Anthu ankangoti ndi mmene Mulungu anamulengera. Analibe foni, sanaonepo mzungu, sanadutsepo pa Mwanza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda a maganizo mu 2019. Si misala, si ziwanda, ndipo mukamva wina akuti tipite naye kwa mneneri akamusale kudya kapena kwa sing'anga akamutemere, mukane. Ine ndine wa Mvano ndipo ndimapemphera tsiku lililonse, koma ndaona ana akubwerako kumeneko atasweka mtima, ena n'kumaganiza zodzipha. Mukamuona wasiya kudya, wasiya kulankhula, kapena akunena zoti bola kufa, mufunseni mosabisa ndipo mupite naye kuchipatala.

Amayi a kutchalitchi asiyeni kaye. Ena adzabwerera okha akadzafuna woluka tsitsi la ana awo pa Khirisimasi, ena sadzabwerera. Simukuyenera kuwafotokozera za m'thupi la mwana wanu. Ngati iye akufuna kopemphera kumene sangamuloze chala, tchalitchi cha Katolika cha Holy Trinity ku Braamfontein chakhala kwa zaka zambiri chili ndi gulu lolandira anthu otere, ambiri mwa iwo ochokera m'mayiko ena ngati ife.

Funso lanu lomaliza ndi limene ndikuyankha molimba mtima: Disembala uno musapite naye. Kwathu magawo 153 ndi 156 a malamulo a milandu, amene amagwiritsidwa ntchito pomanga amuna ogonana ndi amuna anzawo, akadalipo, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Apolisi ndi makhoti kumeneko samuona ngati mkazi, amamuona ngati mwamuna wovala zachikazi. Mukukumbukira Tiwonge Chimbalanga, uja ankatchedwa Aunt Tiwo, amene anamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre. Anagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, a Bingu wa Mutharika n'kumukhululukira patangopita masiku ochepa, atakumana ndi a Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, koma kukhala m'dziko kunakanika mpaka anathawira ku Cape Town. Jana Gonani wa ku Mangochi anagamulidwa zaka 8 mu 2021. Mu Julaye 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anatsogolera zionetsero m'mizinda yathu, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu linakana kuchotsa magawo aja. Ulendo wokhawo wa basi kuchokera ku Park Station uli ndi zipata za Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, ndipo paliponse wina adzatsegula pasipoti n'kumuyang'ana kumaso. Komanso ngati adzapemphe chitetezo ngati wothawa kwawo, kubwerera kumudzi kukacheza kumawononga mlandu wake.

Pitani nokha. Mukafika musayambe nkhaniyi pagulu, kapena pamene amalume ali ndi anzawo. Apempheni padera, inu ndi iwo, ngati alongo awo. Musakalimbane nawo za Baibulo kapena za malamulo a ku Joni, simudzapambana ndipo sizimene mwapitira. Akumbutseni kuti ndi mwini mbumba, ndipo mwana wa malemu mlongo wawo ali m'manja mwawo kaya avale buluku kaya diresi. Apempheni zinthu ziwiri zokha: aleke kutumiza mawu ndi zithunzi zake m'magulu a WhatsApp a kumudzi, chifukwa mauthenga amenewo amafika kwa Amalawi a ku Rosettenville tsiku lomwelo, ndiponso gawo la munda wa mayi ake lisagawidwe kwa ena. Musananyamuke mufunse mwanayo zimene akulola kuti mukanene ndi zimene akufuna zikhale pakati pa inu awiri.

Azakhali